Zionetsero ndi mfuti: wapolisi amayenera kugwiritsa ntchito mphamvu liti?

Adimini: Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse. Usiku wathawu nkhani ya zionetsero inabuka pansi pa vidiyo ina mpaka anthu anayamba kutukwanizana, ndiye ndafufuta zonsezo kuti tiyambirenso pano mwaulemu. Funso nali: anthu akatuluka kukachita zionetsero, ndi nthawi iti imene wapolisi amayenera kugwiritsa ntchito mphamvu? Ndikunena chibonga, utsi wokhetsa misozi, zipolopolo zalabala, mpaka mfuti yeniyeni. Aliyense ayankhule zakukhosi, koma zotukwana ndi zonyoza mitundu ya anthu ndichotsa.

Wa ku Chibavi: Ndiyambe ine, poti ife a ku Mzuzu nkhaniyi sitinachite kuimvera pa wailesi. Pa 20 Julaye 2011 anthu anavala zofiira n'kutuluka chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi kayendetsedwe ka boma la Bingu wa Mutharika. Usiku wake wina anali atakatenga chiletso ku khoti, ndiye m'mawa apolisi ankati palibe kuyenda, anthu ankati tiyenda basi. Kukokana kunayambira pomwepo. Zonse zisanazizire, anthu 20 anali atafa m'dziko muno, ndipo Mzuzu ndi umene unataya ochuluka kuposa mzinda wina uliwonse. Mukadzabwera kuno mudzapite ku manda a Zolozolo mukaone. Komiti yofufuza imene inatulutsa lipoti mu 2012 inanena poyera kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Yankho langa ndi lalifupi: mfuti ya zipolopolo zenizeni isamafike n'komwe pamalo a zionetsero.

Mayi wa Golosale: Achimwene a ku Chibavi, pepani chifukwa cha amene munataya, sindikupeputsa. Koma nanenso mundimvereko. Mu 2019, nthawi ya zionetsero zokana zotsatira za chisankho, kagulu ka anyamata kanapatuka pamsewu waukulu n'kuthyola golosale yanga. Anaswa loko ndi chitsulo, anatuta mabelo a shuga, mafuta ophikira, sopo, mpaka sikelo ndi firiji imene ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde. Nditafika ndinapeza pansi pali mpunga wopondedwapondedwa ndi mabotolo osweka, mashelefu ali pululu. Ngongoleyo ndinaibweza ndi ndalama za mandasi. Ndiye mukamati apolisi asamagwire munthu, ife amalonda atiteteze ndani? Anyamata aja akanaona mfuti, sakanayerekeza.

Wa ku Chibavi: Mayi, sindinati asamagwire munthu. Wakuba agwidwe, amangidwe, akayankhe ku khoti. Ndati asawomberedwe.

Wapolisi Wopuma: Ndakhala ndikungowerenga, koma poti ntchitoyi ndinaigwira mpaka kupuma, ndiloleni ndiponyepo mawu. Ambiri mukamaganiza za apolisi pa zionetsero mumaona anthu a zishango, zipewa zolimba ndi galimoto yopopera madzi. Masiku ambiri sizinkakhala choncho. Mumapezeka muli ochepa, kutsogolo kwanu anthu adzaza msewu, zishango n'zosakwanira, mabomba a utsi mwapatsidwa owerengeka. Utsiwo ulinso ndi vuto lake. Mphepo ikatembenuka umabwerera kwa inu nomwe, ndipo anyamata ozolowera amatola chibotolo chake chikufuka n'kukuponyerani. Utsi ukatha, m'manja mwatsala mfuti. Tsono tengani mnyamata wongotuluka kumene ku sukulu ya apolisi, mwala wamuphwanya mlomo, magazi ali chuchuchu pa yunifolomu, mnzake wagwa pambali pake. Mukuganiza kuti augwira mtima? Sindikuikira kumbuyo kupha, ayi ndithu. Ndikunena kuti imfa zambiri zimakonzedwa m'mawa mu ofesi, pamene bwana akusankha kuti apite angati ndipo anyamule chiyani. Ukamutuma mwana utamupatsa mfuti yokha, wamuuza kale chimene akagwiritse ntchito.

Zimene tinaphunzitsidwa n'zomveka bwino. Uyambe wakambirana ndi otsogolera zionetsero. Zikakanika, uchenjeze pa chimkuzamawu kuti anthu abalalike, uwapatse nthawi, uwasiyirenso njira yotulukira. Kuwatsekera mbali zonse kenako n'kuponya utsi ndi kufuna kuti apondane. Pambuyo pake ndiye mzere wa zishango, utsi, ndipo chibonga chikafunika chikhale cha m'miyendo osati cha m'mutu. Mfuti ndi ya pamene moyo wa munthu uli pachiswe nthawi yomweyo.

Wophunzira Malamulo: Zikomo bambo, mwafotokoza zimene sizilembedwa m'mabuku athu. Ndionjezepo za malamulo. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake, mwamtendere komanso wopanda zida. Gawo 16 limateteza moyo. Lamulo la apolisi la 2010 limati okonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa kutatsala maola osachepera 48, cholinga chake apolisi akonzekere kuteteza anthuwo ndi katundu wa m'njira imene adutse.

Pa dziko lonse pali mfundo zimene bungwe la United Nations linakhazikitsa ku Havana mu 1990. Zimati wapolisi asaloze munthu ndi mfuti pokhapokha akudziteteza kapena kuteteza wina ku imfa kapena kuvulala koopsa kumene kwatsala pang'ono kuchitika, njira zina zonse zitalephera. Kuwombera mofuna kupha kumaloledwa pokhapo pamene palibiretu njira ina yopulumutsira moyo. Gulu likakhala losaloledwa koma lamtendere, mphamvu ipewedwe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti lamulo lathu la apolisi linasiya khomo lotseguka, chifukwa limalola mfuti ngakhale pamene anthu akuwononga katundu wamkulu. Pamenepo timasiyana ndi mfundo za ku Havana, ndipo aphungu ayenera kulikonza.

Mayi wa Golosale: Ndiye kuti lamulo lili mbali yanga.

Wophunzira Malamulo: Pa pepala lili mbali yanu, mayi. Koma chipolopolo chikatuluka sichisankha woba shuga. Chimaboola malata, chimalowa m'nyumba, chimapeza wongodutsa. Mu Meyi 2004, pa zipolowe zimene zinabuka ku Blantyre zotsatira za chisankho zitalengezedwa, mtsikana wa zaka 10, Epiphania Bonjesi, anafa ndi chipolopolo cha apolisi ku Chilobwe. Komanso wakuba akagwidwa, khoti silimugamula kuti aphedwe chifukwa cha firiji. Nanga wapolisi amatenga kuti mphamvu yopereka chilango choposa cha jaji, pamsewu, popanda mlandu kuzengedwa?

Mayi wa Golosale: Mwana ayi. Inenso ndine kholo, sindingafune mwana wa munthu afere shuga wanga. Koma mundimvetse, mwana wanga. Chimene ndikufuna n'chakuti wapolisi aime pakhomo langa loko asanasweke. Njira ya zionetsero amaidziwiratu, masitolo a m'mbali mwake amawadziwa. Akanaika anthu awo pamenepo kuyambira m'mawa, sipakanafunika mfuti kapena utsi.

Wapolisi Wopuma: Apo ndiye mwalasa, mayi. Apolisi asanu oima poonekera m'mawa amagwira ntchito yoposa makumi asanu ofika masana moto utayaka kale.

Wakabaza: Komanso okonza zionetsero asamangoitana anthu pa Facebook basi. Azikhala ndi anthu awo ovala mabibu oyang'anira gulu. Ife amene timakhala pamsewu timawadziwa anyamata amene amabwera ndi matumba opanda kanthu. Amenewo chikalata chopita kwa a DC sachidziwa n'komwe kuti mwalembedwa chiyani.

Nachisale: Ine ndikufuna tisalumphe nkhani ya Msundwe, chifukwa mbali zonse ziwiri, ya apolisi ndi ya anthu wamba, zili mmenemo. Pa 8 Okutobala 2019 anthu anatseka msewu wa Lilongwe–Mchinji, ndipo wapolisi Usumani Imedi anaphedwa pogendedwa miyala. Imfa yowawa, yochititsa manyazi, palibe angaiikire kumbuyo. Koma taonani zimene zinatsatira. Apolisi analowa ku Msundwe, ku Mpingu ndi ku M'bwatalika, m'nyumba za anthu, n'kugwirira amayi ndi atsikana. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kupeza kuti zinachitikadi. Maloya achizimayi a Women Lawyers Association anatengera nkhaniyi ku khoti, ndipo mu Ogasiti 2020 jaji Kenyatta Nyirenda anagamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi. Mundiuze abambo inu, mayi wopezeka m'nyumba mwake akuphika anaopseza moyo wa ndani? Ngozi inali itadutsa. Kumeneko kunali kubwezera, ndipo anabwezera pa matupi a akazi.

Wapolisi Wopuma: Achemwali, nkhani imeneyo imandiwawa mbali zonse ziwiri. Pa nthawi imene miyala inkagwera Imedi, mnzake akanawombera munthu amene wanyamula mwala womalizitsira, ine ndikanati wachita ntchito yake. Umenewo ndiwo moyo uli pachiswe. Koma chilolezo chimenecho chimathera pomwepo, pa munthu ameneyo, m'mphindi imeneyo. Sichifika mawa lake, sichifika m'mudzi, sichifika m'chipinda cha mayi. Amene anachita zimenezo anaipitsa yunifolomu imene ena tinaivala mwaulemu, ndipo malo awo ndi kundende.

Nachisale: Ndalama za chipukuta misozi zimachokera ku misonkho yathu tomwe. Wolakwa akapanda kuonekera pa bokosi la khoti ndi nkhope yake, winanso adzachita, podziwa kuti boma lilipira.

Wa ku Joni: Moni akumudzi. Zimene anena bambo opuma aja, zoti imfa zimakonzedwa m'mawa, kuno zinaoneka ku Marikana. Ogwira ntchito pa mgodi wa Lonmin ananyanyala ntchito kufuna malipiro a R12,500 pamwezi, n'kumasonkhana pa kaphiri. Tinene zoona, sanali manjamanja. Ambiri anali ndi zikwanje, nthungo ndi zibonga, ndipo m'masiku oyambirira a kunyanyalako anthu 10 anali ataphedwa kale, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a kampani. Ndiye mantha a apolisi anali enieni. Koma pa 16 Ogasiti 2012 anapha anthu 34 tsiku limodzi. Komiti ya jaji Farlam itafufuza, zinadziwika kuti m'mawa wa tsikulo apolisi anali ataitanitsa zipolopolo 4,000 ndi galimoto zonyamula mitembo. Theka la anthuwo anafera pamalo ena, osati pamene kuwombera kunayambira, pakati pa miyala pamene ena anathawira kukabisala, ndipo ena anawomberedwa kumsana. Munthu wothawa, wakufulatira, akuopseza bwanji? Ndiye ngakhale gulu litakhala ndi zida, funso silitha. Uyenera kufunsa za chipolopolo chilichonse pachokha: ameneyu, panthawiyi, amafuna kupha ndani?

Wa ku Chibavi: N'chifukwa chake ine ndikuumirira kuti mfuti zazikulu zija zizitsala ku polisi. Zikafika pamalopo, zimalira basi.

Wapolisi Wopuma: Apa ndiye tisiyana pang'ono, achimwene. Tiyerekeze wina wanyamula botolo la petulo loyaka akulunjika nyumba imene muli anthu, kapena wasolola mfuti pakati pa gulu. Mukufuna wapolisi amuletse ndi chiyani? Ine ndimati pakhale kagulu kochepa ka anthu okhwima, ophunzitsidwa bwino, kokhala kumbuyo ndi mkulu wodziwika dzina. A kutsogolo asakhale ndi zipolopolo zenizeni ndi mmodzi yemwe. Ndipo kuwombera m'chigulu mwachisawawa, kapena kumwaza zipolopolo zambiri nthawi imodzi, kusaloledwe zivute zitani.

Wa ku Chibavi: Kagulu kameneko ndani angakakhulupirire? Tsiku limene wandale adzaimbe foni, kadzapita kutsogolo.

Wa ku Chipata: Abale a ku Malawi, musaiwale kuti utsi nawonso umapha. Kuno ku Zambia mu Okutobala 2018 ophunzira a pa yunivesite ya UNZA anachita zionetsero chifukwa cha ndalama zawo za chakudya. Apolisi anaponya utsi m'nyumba zogona ophunzira usiku, chipinda chinagwira moto, ndipo mtsikana Vespers Shimuzhila anafa chifukwa chobanika. Mu Disembala 2020 ku Lusaka, tsiku limene a Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa chipani chotsutsa, anaitanidwa ku polisi, anthu awiri anawomberedwa. Mmodzi, Nsama Nsama, anali loya wa boma woimira milandu, sanali nawo m'gulu la otsatira chipani.

Anesi: Zikomo potchula zimenezo. Anthu amauona utsi ngati chinthu chongoyabwa m'maso. Kwa munthu wamkulu wathanzi, ali panja pamphepo, nthawi zambiri umatha pakapita kanthawi akasamba ndi madzi ambiri. Koma kwa khanda, kwa nkhalamba, kwa wodwala mphumu kapena chifuwa chachikulu, ndi nkhani ina. Mwana wa mphumu amafika akukoka mpweya ndi nthiti zonse, pakhosi pakulira ngati kherere, milomo itayamba kuda, mayi ake atamukulunga m'chitenje chimene nachonso chadzaza utsi womwewo, ndiye choyamba timavula zovala zonse. Chibotolo chake chikawomberedwa molunjika munthu chimaswa mutu. Chipolopolo chalabala chikapeza diso, disolo lapita. Mu Sepitembala 2019 utsi wa apolisi unafika mpaka m'chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli odwala osatha kudzuka pabedi. Ndiye kwa ine malire ndi awa: utsi usaponyedwe m'nyumba, m'minibasi, pasukulu, pachipatala, kapena pamsika pamene amayi abereka ana.

Aphunzitsi: Ndagwirizana ndi anesi. Pagulu la anthu masauzande, ogenda miyala amakhala ochepa. Kuthira utsi onse chifukwa cha iwo kuli ngati kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Awatulutse ogendawo, enawo apitirize ulendo wawo.

Koma pali mbali ina imene sitinaikhudze, ndipo kwa ine ndi imene ikuonetsa pamene pagona vuto. Pali nthawi imene apolisi amayenera kugwiritsa ntchito mphamvu koma amangopinda manja. Pa 19 Julaye 2011, zionetsero zili mawa, anyamata onyamula zikwanje anazungulira mumzinda wa Blantyre pa galimoto za chipani cholamula, masanasana. Pa 26 Juni 2025 ku Lilongwe, anthu a zikwanje anamenya Sylvester Namiwa ndi ena amene anasonkhana kudzachita zionetsero zokhudza bungwe la chisankho, apolisi ndi asilikali ali pomwepo akuonerera. Tonse tinaona mavidiyo. Maboma awiri osiyana, zipani ziwiri zosiyana, zikwanje zomwezo. Ngati pali nthawi imene chibonga cha wapolisi chimafunika, ndi imeneyo, munthu wopanda chida akukhapidwa pamaso pako. Tsono mphunzitsi akanyamula chikwangwani chofuna malipiro ake, utsi umapezeka msanga. Wa chikwanje akabwera, utsi kulibe. Ndiye kuti chimene chimalamula mphamvu ya apolisi si kukula kwa ngozi ayi, ndi kuti wakwiya ndani kumtunda.

Adimini: Aphunzitsi atchula maboma onse awiri, ndiye pasapezeke wobwera kudzateteza chipani chake pano. Pitirizani.

Wakabaza: Bola asilikali. Mu 2019 akangofika a MDF anthu ankaimba m'manja, zionetsero zinkayenda bwino.

Wapolisi Wopuma: N'zoona kuti nthawi imeneyo anthu ankawakhulupirira kuposa ife, ndipo zimenezo zinayenera kutichititsa manyazi. Koma musazolowere. Msilikali amaphunzitsidwa kugonjetsa mdani, wapolisi amaphunzitsidwa kugwira munthu wamoyo n'kukamupereka ku khoti. Ku Harare pa 1 Ogasiti 2018 asilikali anatulutsidwa kukabalalitsa anthu odandaula za chisankho, anthu 6 anafa. Njira yabwino ndi kukonza polisi, osati kuilowetsa m'malo.

Wa ku Nsanje: Ife kuno tinaona zotsatira zake ndi maso. Chisankho cha ku Mozambique cha Okutobala 2024 chitatha, otsatira Venâncio Mondlane, amene anapikisana nawo pa upulezidenti n'kukana zotsatira, anatuluka m'misewu, apolisi anayankha ndi zipolopolo, ndipo mabungwe owerengera anapeza kuti anafa anthu oposa 300. Kuwomberako sikunazimitse moto, maliro alionse ankabala zionetsero zina. Pofika Disembala mabanja ankawoloka kubwera kuno ndi ana ndi timitolo pamutu.

Wophunzira Malamulo: Zonsezi zikubwerera pa kuyankha mlandu. Lamulo la 2010 lomwe lija linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, koma linayamba kugwira ntchito patapita zaka pafupifupi 10. Imfa iliyonse yochitika m'manja mwa apolisi iyenera kufufuzidwa ndi anthu amene si apolisi. Wapolisi aliyense pa zionetsero azivala nambala yooneka, osabisa nkhope. Mfundo za ku Havana zimanenanso kuti mawu oti “ndinalamulidwa” sangamupulumutse wapolisi ngati ankadziwa kuti lamulolo n'losemphana ndi malamulo ndipo anali ndi mpata wokana, komanso mkulu wolamulayo ali ndi mlandu wake. Zimatinso wokana lamulo lotere asalangidwe.

Wa ku Chibavi: Bambo opuma, ndikufunseni molunjika, mundiyankhe ngati kholo. Bwana akati womberani, kutsogolo kuli anthu opanda zida, wapolisi wamba angakane?

Wapolisi Wopuma: Angakane, ndipo alipo amene anakana kapena kuloza m'mwamba. Koma mudziwe mtengo wake. Amakhala m'nyumba ya kulayini, ana ake ali pasukulu yapafupi, mwezi wotsatira kalata yosamutsidwira kutali yafika, kukwezedwa aiwale. Ndiye chimene anena wophunzira malamulo, choti wokana atetezedwe, chilembedwe m'malamulo athu momveka, apo ayi tikupempha konstabo kuti asenze yekha katundu amene akuluakulu akumuthawa.

Wa ku Chibavi: Ndamva. Koma mabanja a ku Zolozolo amafuna kudziwa amene analamula, ndipo nthawi zonse amauzidwa kuti kunali chipwirikiti, sizikudziwika.

Wapolisi Wopuma: Zimadziwika, achimwene. Mfuti situluka mosungira zida popanda kulembedwa. Pali buku: dzina la wapolisi, nambala yake, nambala ya mfuti, zipolopolo zingati watenga, ndipo madzulo amawerenganso zimene wabweza. Pali ndandanda ya amene anatumizidwa malo akutiakuti ndi mkulu amene ankawatsogolera. Pali buku la zochitika limene limalembedwa ola ndi ola. Wofufuza akafika tsiku lomwelo n'kulanda mabuku amenewo asanakonzedwe, n'kutenga chipolopolo chochotsedwa m'thupi kukachiyerekeza ndi mfuti, mlandu suvuta. Vuto n'lakuti amafika patatha miyezi. Inu ophunzira malamulo ndi mabungwe, tsiku limene munthu wawomberedwa pa zionetsero, thamangirani ku khoti mawa lake lomwe mukapemphe kuti mabuku atatu amenewo asungidwe m'manja mwa khoti.

Wophunzira Malamulo: Ndalemba, bambo. Buku la zida, ndandanda ya otumizidwa, buku la zochitika. Ndikakambirana ndi anzanga a kalasi Lolemba kuti tione mmene pempho lotere lingalembedwere, ndipo ndidzaliika pagulu pano kuti mulikonze pamene talakwitsa mayina a mabukuwo.